Gombe la Sofala

Gombe la Sofala lili pa nyanja yamchere ya India, pamene mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira madzi ake, pafupi ndi mzinda wa Beira. Kwa anthu a ku Tsangano ndi Macanga, amene anazolowera mapiri ndi minda ya mbatatesi, ulendo wake ndi wautali: umadzera ku Tete ndi Chimoio.

Chokopa chachikulu ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, kumene kumachitika kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amakwera mamita oposa 6. Akaphwa, pamatsala chidikha cha matope ndi mchenga, mabwato ali gone chammbali, nkhanu zili piringupiringu, mbalame zikutola chakudya. Woyenda pamenepo asatayirire, pakuti madzi amabwerera mofulumira.

Ku Macuti, mu mzinda wa Beira, kuli nsanja younikira zombo ya mu 1904. Wofuna nyama zikuluzikulu apitirire kumpoto, ku Marromeu, kumathiriro a Zambezi, kumene kuli njati zambiri. Miyezi yabwino yokachezera malowa ndi ya chilimwe, osati ya dzinja. Namondwe Idai anasakaza Beira mu Marichi 2019, nthawi ya dzinja.