Ndege za Nsungwi ndi Nsalu

Ife a ku Sanjala timamva ndege ikamatera pa bwalo la Lichinga. Ana amatuluka kukaiona, ndipo ena amapanga zawo ndi mawaya ndi mapesi. Akulu ambiri anaidziwa ndege m'njira ina. Pa nkhondo ya ufulu, kucokera 1964 kufika 1974, mzinda uno dzina lake linali Vila Cabral, ndipo ndege za atsamunda zinali kuponya mabomba m'midzi ya Niassa. Anthu ena anafika poganiza kuti ndege ndi matsenga a azungu. Koma ndege zoyamba zinapangidwa ndi manja, ndi zinthu zimene ifenso timazidziwa.

Ku America, mu mzinda wa Dayton, kunali abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright. Nchito yawo inali kupanga ndi kukonza njinga. Iwo anamanga ndege ya matabwa opepuka, nsalu ndi mawaya. Asanaimange anapanga bokosi lalitali lopitamo mphepo. M'menemo anayesa timapiko pafupifupi 200, nalemba manambala onse m'buku. Pa 17 Disembala 1903, pa mcenga wa ku Kitty Hawk, Orville anauluka masekondi 12. Anayenda mamita 37 okha, osafika ndi theka lomwe la bwalo la mpira.

Munthu amene tifuna kumudziwa bwino ndi Alberto Santos-Dumont. Iye anabadwa ku Brasil mu 1873, ndipo anali kulankhula Cipwitikizi. Sanali wosauka ai: atate ake anali ndi minda yaikulu ya khofi. Anapita kukakhala ku Paris, ndipo mu 1906 anauluka kumeneko anthu ambiri akuona. Mu 1907 anayamba kupanga kandege kakang'ono, kamene anakapatsa dzina lakuti Demoiselle. Mafupa a kandegeko anali nsungwi. Inde, nsungwi zonga zomwe timamangira nkhokwe ndi mipanda! Anasankha nsungwi cifukwa ndi zopepuka koma zolimba. Mapiko anawakuta ndi nsalu ya silika. Woyendetsa anali kukhala pansi pa mapiko, pafupi ndi nthaka. Mwini wakeyo anali munthu wamng'ono thupi, ndipo kandegeko kanamuyenera.

Cinthu cacikulu cimene anacita ndi ici: sanabise nzeru zake. Analola kuti aliyense apange ndege yonga yake popanda kulipira. Mu 1910 magazini ya ku America, Popular Mechanics, inasindikiza zojambula zake pamodzi ndi miyeso. Wodziwa kuwerenga anatha kutenga pepala, kuona utali wa nsungwi iliyonse, ndi kuyamba kudula. Wosadziwa kuwerenga anangoona cithunzi cabe.

Komabe pepala nalo limalakwa. Ku France, Henri Mignet anapanga ndege yaing'ono mu 1933. Anaipatsa dzina lakuti Pou-du-Ciel, ndiko kuti nsabwe ya kumwamba. Mu 1934 anatulutsa buku lophunzitsa kamangidwe kake. Anthu mazanamazana anayamba kuimanga kunyumba kwawo, ena ndi injini za njinga zamoto. Posakhalitsa ngozi zinayamba. Ndegeyo ikaweramitsa mutu kwambiri, woyendetsa sanali kutha kuidzutsanso, ndipo anthu angapo anafa. Mu 1936 akatswiri a ku France ndi ku England anaiyesa m'nyumba yopitamo mphepo, napeza kuti vuto linali pa kakhalidwe ka mapiko ake awiri, la patsogolo ndi la pambuyo. Boma linailetsa kuuluka kufikira mapikowo atakonzedwa. Ife tiona kuti kuletsako kunali kwabwino. Amisiri aja sanali aulesi. Anatsata buku mokhulupirika, koma bukulo linatuluka mayeso asanakwane.

Cilakolako cimeneci cinafikanso kwa anansi athu. Mu 2016 nyuzipepala zinasimba za mmisiri wina wa m'mudzi wa Gobede, kumpoto kwa Lilongwe ku Malawi. Iye anali kumanga helikopita ya munthu mmodzi ndi zitsulo zakale ndi injini ya njinga yamoto. Anthu anali kubwera kudzaona, ena kudabwa, ena kuseka. Apolisi anamuuza kuti asauluke akuluakulu oyang'anira za ndege asanaione.

Mmisiri wa kuno atafuna kuyesa, angakumane ndi cinthu cina cimene abale a Wright sanakumane naco. Iwo anauluka m'mphepete mwa nyanja yamcere. Lichinga ili pamwamba, mamita opitirira 1,300. Kumwamba kuno mpweya ndi wopepuka. Mapiko sagwira mpweya wokwanira msanga, ndipo injini nayo imacepa mphamvu. Ndege imene inyamuka itathamanga pang'ono ku Pemba ifuna bwalo lalitali kuno, makamaka masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa litatentha.