Njerwa za pa Mishoni

Khala apa, mdzukulu wanga, usiye kaye kuyang'ana pepalalo. Amayi ako andiuza kuti mayeso a Fomu 4 akukananso kachiwiri, ndipo wanena kuti kutchalitchi supondakonso chifukwa Mulungu sakumva. Ine sindikukakamiza. Ndingokuuza za tchalitchi chimene ukuchikanacho, cha St Michael and All Angels, chija mumajambulitsapo zithunzi za ukwati pafupi ndi HHI. Inu mumangoona nsanja ndi njerwa zofiira. Ife akuluakulu a mpingo anatiuza zimene zili pansi pake.

Oyamba kubwera ndi Mawu kumapiri kuno anali a Bishopu Charles Mackenzie, amene anamanga ku Magomero mu 1861. Mu Januwale 1862 malungo anamutenga bishopu uja kumunsi, kumene Ruo amathira mu Shire. Kunali nkhondo, kunali njala, anzake ena anatsikira kulichete, otsalawo anamanga katundu n'kulowera ku Zanzibar. Koma mwa ana amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo masiku amenewo munali mnyamata wina, Tom Bokwito, amene pambuyo pake anakaphunzira ku Lovedale, ku South Africa. Patapita zaka 15, ndiye ankamasulira mawu a Henry Henderson pofunafuna malo a mishoni, mpaka Mfumu Kapeni inawalola kukhala pakati pa Ndirande, Soche ndi Michiru. Mishoni inayamba pa 23 Okutobala 1876. Anthu amene anachoka ku Magomero akulira sanadziwe kuti asiya mbewu.

Tsono pali chigawo chimene alaliki ambiri amachidumpha, koma ine ndakalamba, ndinena. Azungu oyamba a pa Blantyre anadziyesa mafumu. Ankaweruza milandu, ankakwapula anthu ndi chikoti. Munthu wina anafa ndi zikoti zomwezo, wina anamuwombera ndi mfuti atamuweruza okha. Nkhani inamveka ku Scotland mu 1880, kunabwera ofufuza, ndipo mtsogoleri wawo, M'busa Duff Macdonald, anachotsedwa limodzi ndi ena. Kugwa kwa ku Magomero kunali kwa malungo. Uku kunali kwa tchimo, ndipo n'kumene kumapweteka koposa. Ndimati ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira Petulo. Tambala analira iye atakana kale katatu, koma ndi yemweyo amene anadzapatsidwa nkhosa kuti azidyetse.

Ndisanaiwale, pali ka nkhani ka khofi. Mu 1878 mlimi wa pa mishoni, Jonathan Duncan, anabwera ndi mbande zitatu za khofi kuchokera ku Edinburgh. Ziwiri zinauma. Imodzi yokhayo inapirira, ndipo minda yoyamba ya khofi m'dziko muno inachokera kwa iyo. Agogo ako aakazi ankaikonda nkhaniyi kuposa ulaliki.

Mu 1881 kunabwera M'busa David Clement Scott kudzatola zotsala. Iyeyu anayamba ndi kumvetsera. Anaphunzira Chimang'anja mpaka anadzalemba buku lalikulu lomasulira mawu ake, limene linatuluka mu 1892. Mu 1888 anati timange nyumba ya Mulungu. Iye sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo anthu athu amene ankagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewo. Pulani yolembedwa bwinobwino panalibe. Dothi ankakumba pomwepo, kuliponda, kuumba m'zikombole zamatabwa, n'kuwotcha mu uvuni wa nkhuni. Owerenga amati pali mitundu 81 ya njerwa pakhoma paja.

Koma chimene ndikufuna umve ndi ichi: akafuna kumanga chipilala kapena kukhotetsa pamwamba pa khomo, ankayamba asanja njerwa zouma, popanda matope. Akaona kuti sizikukhala, ankaphwasula. Kusanjanso, kuphwasulanso, kuumba chikombole china, mpaka njerwa zitagwirana. Pamenepo m'pamene ankaponda matope. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yotereyi inawatengera zaka zitatu.

Denga litatsala pang'ono, imfa inalowa. Robert Cleland anamwalira kumapeto kwa 1890. Kuchiyambi kwa 1891 matenda a pakhosi anagwira mwana wa Henderson. Dokotala John Bowie, mlamu wake wa Scott, anayamwa zoipa za pakhosi pa mwanayo kuti apume, n'kutenga matendawo. Mwana anapita, mayi ake anapita, dokotala anapita. Henderson mwini anafera ku Quelimane ali pa ulendo wobwerera kwawo. Patangopita miyezi yochepa chabe, pa 10 Meyi 1891, anthu anatsekula tchalitchi chija akuimba, manda akadali auwisi. Ine sindikhulupirira kuti tsiku limenelo onse ankamva kuti Mulungu wawayankha. Ndikuganiza kuti ena ankaimba pakhosi pali chotupa, ngati chimene uli nacho iwe lero.

Ngakhale anthu athu anadikira. Scott anasankha madikoni achikuda, mmodzi mwa iwo Harry Kambwiri Matecheta, koma azungu ena zinkawawawa. Scott anachoka mu 1898, ndipo Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzadzozedwa ubusa mu 1911. Zaka zonsezo ankangolalikira ndi kuphunzitsa, opanda kolala m'khosi.

Lamulungu likubwerali undiperekeze. Ngati sufuna kulowa, ukandidikire panja, koma ukaike dzanja pakhoma lakumbuyo, ukaone mmene njerwa zija zimasiyanirana. Tsopano bwera nalo kuno pepalalo. Maso anga saona bwino madzulo. Undiwerengere phunziro ndi phunziro, uyambe ndi masamu.