Malodza ndi Zizindikiro: Mbiri ya Kumasulira Zodabwitsa za Chilengedwe ku Chongwe

1. Mau oyamba

Nkhani ino ikulondola mbiri ya m'mene anthu a m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, akhala akumvera kadamsana, chilala ndi zina zotere pozilinganiza ndi maulosi achikhristu onena za masiku otsiriza. Mfundo yathu ndi imodzi: chiphunzitso cha kutha kwa dziko sichinafafanize kamvedwe ka makolo, koma chinabwereka mau ake, ndipo pobwereka mauwo chinasenza ndi maganizo omwe anali m'kati mwake.

Chongwe ndi dziko la Asoli, koma Chinyanja chinazika mizu kumeneko kalekale. Msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata umadutsa pakati pa bomali. Lusaka anasanduka likulu la dziko mu 1935. Ndipo Chinyanja ndicho chinasankhidwa kuti chiziphunzitsidwa m'sukulu za chigawochi. Choncho anthu ambiri anamva maulosi a Yoweli, a Mateyu 24 ndi a Chivumbulutso m'Chinyanja cha Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922.

2. Kamvedwe ka makolo

Makolo akaona chinthu chachilendo chosemphana ndi chikhalidwe chake ankachitcha malodza. Malodza amalosera tsoka, koma ndi tsoka lokhala ndi mwini wake ndiponso mankhwala ake. Akulu amafunsa kuti walakwa ndani, mzimu wokwiya ndi uti, nsembe yoyenera ndi yotani. Akakonza cholakwikacho, moyo umabwerera m'malo mwake.

Mwambo wa Chakwela Makumbi, womwe Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya amachita mvula isanayambe, ukuonetsa bwino maganizo amenewa. Dzinalo likutanthauza kukokera mitambo pansi. Mfumu imapempherera mvula m'malo mwa anthu ake, imadalitsa mbewu, ndi kuyambitsa ntchito ya m'munda. Apa thambo si buku lotsekedwa ayi. Ndi mnansi amene munthu angathe kumudandaulira.

Ngakhale kuda kwa dzuwa sikunkatanthauza mathero. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, pomwe Luangwa amathira m'Zambezi, mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada usana. Zidzukulu zawo zinasunga chochitikachi ngati chiyambi cha moyo wawo kutsidya lino, ndipo ndi chomwecho chimene chinathandiza olemba mbiri kudziwa chaka cha kuolokako.

3. Kufika kwa ulosi wokhala ndi tsiku

Kamvedwe katsopano kanalowa ndi gulu la Watch Tower. Mu 1908 Elliot Kenan Kamwana anabwerera kwawo ku Nkhata Bay ataphunzira kwa Joseph Booth ku Cape Town. Iye analalikira kuti maufumu a pansi pano adzatha mu 1914, nabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yowerengeka, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'dzikomo mu 1909. Chaka chotsatira nyenyezi ya mchira ya Halley inaoneka, ndipo ena mwa otsatira ake anathawira kuthengo kukaulula machimo podikira chiweruzo. Nkhondo itabuka mu 1914, ndi mliri wa chimfine utasesa anthu mu 1918, ambiri anati ulosi wapherezera.

Uthengawu unayenda ndi anthu a ntchito, kuchokera ku migodi ya kumwera kufika ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, ndi kumidzi yozungulira njanji. Chimene unasanduka utafika kumidziko chikuoneka pa nkhani ya Tomo Nyirenda, wotchedwa Mwana Lesa. Mu 1925, pakati pa Alala, iye anasandutsa ubatizo kukhala muyeso wogwirira mfiti, namiza m'madzi anthu ambiri, kufikira ananyongedwa ku Broken Hill mu 1926. Omvera ake anamva za chiweruzo chotsiriza, koma anachilandira monga mwambo woyeretsa mudzi. Funso la makolo lakuti "walakwa ndani?" linavala malaya a Baibulo.

4. Umboni wa m'chinenero

Mau atatu akutithandiza kuona pamene maganizo awiriwa analumikizana.

Loyamba ndi chizindikiro, lochokera ku mneni -zindikira. Chizindikiro ndi chinthu chothandiza munthu kudziwa china chake. Chilibe mantha m'kati mwake. Utsi ndi chizindikiro cha moto, mitambo yakuda ndi chizindikiro cha mvula. Koma mlaliki akati chilala ndi chizindikiro, womvera wokulira kumudzi amamva kuti malodza, nayamba kufunafuna wolakwa ndi nsembe yake. Kusala kudya ndi mapemphero a usiku wonse zimalowa pamalo pomwe panali mowa wa nsembe, koma cholinga n'chomwecho: kubweza tsoka. Chikhalirecho, ulosi wa masiku otsiriza, monga momwe Kamwana anaulalikira, sunali wobwezeka.

Lachiwiri ndi dziko. Mau amenewa amanyamula matanthauzo angapo: nthaka, dera la mfumu, mtundu wokhala ndi boma lake, ndiponso chilengedwe chonse. Nkhalamba ikati "dziko latha", sinena kuti thambo likugwa. Ikudandaula kuti ulemu wazilala, nthaka yaguga, ana samvera. Pamene Chigiriki cha Mateyu 24:3 chili ndi liu lakuti aion, lonena za nyengo, kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku kanakhazikika pa mau akuti "kutha kwa dziko". Motero dandaulo lakale la akuluakulu ndi ulosi watsopano zinagona m'nyumba imodzi, ndipo womvera sangadziwe msanga kuti wayankhula ndi uti.

Lachitatu ndi kadamsana, lopangidwa ndi kuda ndi msana, ndiye kuti usana. Liuli limangofotokoza zimene maso aona. Mphatikiram'mbuyo ka- sapereka chithunzi cha chinthu choopsa kapena chosatha. Chinenero chomwe chikuchitira umboni kuti eni ake ankadziwa kuti mdimawu umadza ndi kupita.

5. Zaka za 1992, 2001 ndi 2024

Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Pasanathe miyezi iwiri mvula inadula, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo mu 1992 anthu anadya chimanga chachikasu chochokera kunja. Akatswiri a zanyengo anati gwero lake ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kumwera kwa Africa. Koma kwa wokhulupirira, kugundana kwa zinthu ziwirizi kunafuna yankho la mtundu wina, ndipo panali mayankho awiri: kuti ndi chilango chofuna kulapa, kapena kuti ndi chiyambi cha mathero.

Pa 21 Juni 2001 mthunzi wa mwezi unadutsa pa Lusaka ndi Chongwe, ndipo dzuwa linabisika kwathunthu kwa mphindi zoposa zitatu, nthawi itangopitirira 3 koloko masana. Uyu anali kadamsana wathunthu woyamba wa zaka za 2000, nthawi imene nkhani za mathero zinali m'kamwa mwa anthu. Komabe tsiku ndi ola zinalengezedwa kale pa wailesi ndi m'manyuzipepala, magalasi otetezera maso anagulitsidwa, ndipo alendo ochokera kutali anadzaza malo ogona. Malodza sapangana tsiku. Chinthu chimene chalengezedwa chisanachitike chimataya ululu wake, n'kusanduka choonerera.

Chilala n'chosiyana, pakuti chimalowa m'nkhokwe. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala, ndipo kuchepa kwa madzi ku Kariba kunadzetsa kuzimazima kwa magetsi. Kufotokoza za El Niño kumayankha funso lakuti mvula yalekeranji, koma sikuyankha funso lakuti chifukwa chiyani ife, ndipo chifukwa chiyani tsopano. Mpata umenewu ndi umene malodza ndi maulosi amalimbirana.

6. Mau omaliza

Kusiyanitsa mauwa si masewera a akatswiri okha. Mlimi amene wamva kuti chilala ndi malodza amapepesa, kenaka n'kunola khasu. Amene wamva kuti ndi nyengo yobwerabwera amafunafuna mbewu yocha msanga. Koma amene wakhutira kuti zonse zatha angathe kuona kusunga mbewu ngati kusakhulupirira. Mbiri ya Chongwe ikuonetsa kuti ambiri sanafike pamenepo: amamva ulaliki Lamlungu, amapita ku Chakwela Makumbi, ndipo mvula ikagwa amabzala.

Kwa olemba madikishonale ndi omasulira, phunziro n'lakuti malodza ndi chizindikiro asaikidwe ngati mau ofanana, ndipo matanthauzo a dziko alembedwe padera ndi zitsanzo zake. Kwa mphunzitsi wa Chinyanja, ntchito ndi kuthandiza ophunzira kuti akamva kuti "dziko latha" azifunsa kuti ndi dziko liti, ndipo wanena ndani.