Mafuta pakhungu, banga pansalu: mbiri ya zovala za mwana ku Mkaika

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Mkaika amadzaza mpaka fumbi kuti koboo. Mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, pamwambo umene atsamunda analetsa mu 1934 ndipo unayambanso mu 1984. Maso a anthu amakhala pa Gule Wamkulu ndi pa anamwali. Koma amene angayang'ane kumbuyo kwa amayi ali m'khamulo adzaona mbiri ina, ya mmene anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi akhala akutetezera khungu la mwana ku dzuwa. Uyu wafunditsa khanda chitenje chachiwiri, uyo wagwira ambulera, winayo waveka mwana chipewa choluka. Apo ndi apo pali mwana wachialubino, nkhope ili mbuu ndi mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo pakhosi pa malaya ake pali banga lofiirira limene amake achapa kangapo koma lakana.

Banga limenelo ndi la masiku ano. Kukangana kwa mafuta ndi chovala cha mwana ndiye n'kwakale.

Kale mwana akabadwa sankaonana ndi dzuwa msanga. Ankakhala m'chikuta ndi amake mpaka mchombo utagwa, azamba ndi ambuye ake akuyang'anira. Akatuluka, chovala chake choyamba chinali mafuta a nsatsi. Amayi ankakazinga nsatsi m'phale, kuzisinja, kuziwiritsa m'mphika, kenaka n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba ndi kuwasunga m'nsupa. Mwana akasamba ankadzozedwa thupi lonse kuti khungu lisaume ndi kusweka m'nyengo ya chisanu ya Juni ndi Julaye, kapena m'dzuwa loswa mtengo la Okutobala. Mafutawa sankatchinga cheza cha dzuwa monga amachitira a m'botolo lero. Chimene chinkateteza ana ambiri ndi khungu lawo lakuda, komanso mthunzi wa mtengo wa m'mbali mwa munda.

Ndipo mafuta sanali mdani wa chovala ayi. Mbereko inali ya chikopa cha mbuzi kapena cha nyama ya m'tchire, ndipo chikopa chimafewa chikamwa mafuta. Akuluakulu ankavala nyanda, khungwa la mitengo monga mombo limene ankalinyika ndi kulisasantha mpaka litatambasuka. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene anadutsa m'dziko la Achewa mu 1831 pochoka ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za zovala zoterezi. Thonje linalipo, amisiri ankapota ndi kuomba nsalu, koma inali ya mtengo wapatali. Nyanda siinkachapidwa ngati nsalu. Ikatha ankaitaya n'kusenda ina. Mayi wa nthawi imeneyo sankadziwa nkhawa ya banga.

Nkhawayo inabwera ndi nsalu ya m'sitolo ndiponso sopo. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Magwero mu 1899, ndipo patapita zaka zochepa ku Nyanje, akazi a abusa anayamba kuphunzitsa amayi kusoka, kuchapa ndi kusita. Amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia ankabwera ndi mabulangete, nsalu ndi sopo wamtanda m'masutikesi. Amwenye anatsegula masitolo m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Fort Jameson, kumene lero kuli Chipata. Chipatala cha St Francis chitatsegulidwa ku Katete mu 1948, amayi ambiri anayamba kuchirira kuchipatala, ndipo anazolowera kupita kumeneko ndi nsalu zoyera zokulungira khanda. Pang'onopang'ono chikopa chinatsika kumsana, chitenje n'kukwera. Nsupa ya nsatsi inapatsa malo botolo la Vaseline ndi gilisalini.

Apa m'pamene thewera loyera linasanduka chiweruzo. Matewera a nsalu ankaviikidwa m'ndowa, kuchapidwa pamwala kudambo, ena kuwiritsidwa m'chitini pamoto, n'kutsukuluzidwa ndi buluu kuti ayere bwino. Akayanikidwa pachingwe mudzi wonse unkawerenga. Apongozi odutsa panjira ankatha kudziwa, kapena kuganiza kuti adziwa, ngati mtengwa wawo ndi waukhondo kapena ndi mlesi. Chiweruzo chimenecho chinali cholemera kwa amayi, makamaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pamene mtengo wa mkuwa unagwa ndipo sopo, mafuta ophikira ndi shuga zinkasowa m'masitolo a boma. Anthu ankaima pamzere tsiku lonse chifukwa cha mtanda umodzi. A ku Vubwi, poti malire ali pakhomo, ankadumphira ku Mchinji kukagula Sunlight ndi Surf wopangidwa ku Limbe. Amene analibe njira ankafikisa zovala ndi masamba a papaya.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Msika utamasulidwa, mabelo a salaula anadzaza misika ya Katete ndi Sinda, ndipo mafakitale a nsalu a ku Kafue ndi ku Kabwe anafooka, ngakhale kuti thonje linapitirira kulimidwa m'minda ya kwa Mbang'ombe ndi kwa Kawaza. Mwana wa kumudzi anayamba kuvala timalaya toyera ta kunja, tambiri tosakaniza thonje ndi ulusi wa pulasitiki umene umagwira mafuta zolimba. Kampani ya Trade Kings, imene inayamba ku Lusaka mu 1995, inafikitsa sopo wa Boom m'kantini iliyonse. Nayo mijigo inachuluka, amayi n'kusiya kuchapira kudambo.

Mjigo unapulumutsa ana ambiri ku matenda otsekula m'mimba, ndipo palibe angautsutse. Koma uli ndi mbali yake pa nkhani ya banga. Madzi a m'mijigo ina amakhala ndi chitsulo chosungunuka, china chochokera m'miyala ya pansi, china m'mapaipi a mapampu a mtundu wa India Mark II akayamba kudyeka. Aliyense amene anatungapo m'mamawa n'kuona madzi oyamba akutuluka ofiirira akudziwa zimenezi. Tsono mafuta ambiri oteteza ku dzuwa ali ndi mankhwala otchedwa avobenzone, amene anatulukiridwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970. Mankhwalawa akakumana ndi chitsulo cha m'madzi amasanduka banga la mtundu wa dzimbiri. N'chifukwa chake malaya amatha kulowa m'beseni akuoneka bwinobwino n'kutulukamo ali ndi mabanga pakhosi ndi m'mikono. Mafuta ena, okhala ndi zinc oxide, amasiya zoyera zonata m'malo mwa zofiira.

Mabanja amene amakumana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku ndi a ana achialubino. Kalembera wa 2010 anapeza anthu achialubino opitirira 25,000 m'Zambia. Khungu lawo lilibe chitetezo chachibadwa. Limapsa msanga, limachita zilonda, ndipo zilondazo zikanyalanyazidwa zimasanduka khansa, imene yatenga ambiri asanakalambe. Chipatala chachikulu cha khansa chili ku Lusaka, pafupifupi makilomita 500 kuchokera ku Katete. Woimba John Chiti, amene anayambitsa bungwe la Albinism Foundation of Zambia mu 2008, ndi ena omenyera ufulu akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mafutawa si zodzikongoletsera koma mankhwala. Bungwe la United Nations linaika tsiku la 13 Juni kukhala lokumbukira anthu achialubino, kuyambira mu 2015, ndipo mu 2025 bungwe la zaumoyo la WHO linaika mafuta oteteza ku dzuwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chiweruzo chakale cha pachingwe chija sichinafe. Mayi amene wavutika kupeza botolo, kaya kuchipatala kaya kwa a bungwe, akhoza kuyamba kudzoza mwana pang'ono, kapena kusiya pakhosi ndi m'mapewa, poopa kuwononga malaya a ku tchalitchi. Komatu pakhosi, m'makutu ndi m'mikono m'pamene dzuwa limaluma kwambiri.

Banga lili ndi mankhwala ake, ndipo ali m'khitchini. Choyamba n'kuchotsa mafutawo: kupaka sopo pamalopo nsalu isanaviikidwe, kufikisa, kutsukuluza ndi madzi ozizira. Ngati kufiira kwatsala, madzi a mandimu ndi mchere pang'ono, kapena viniga, amasungunula chitsulocho akasiyidwa kwa kanthawi. Madzi amvula otungidwa padenga amathandiza chifukwa alibe chitsulo chambiri. Choyenera kupewa ndi mankhwala oyeretsera a klorini, amene amayi ambiri amathamangira. Pa banga ili amangolifiiritsa. Simbi yotentha nayo imalikhomerera. Kudikira mafuta alowe m'khungu mwana asanavale kumachepetsa vutoli kwambiri. Ndipo kwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi, madokotala amalangiza kudalira mthunzi, chipewa cha mlomo waukulu ndi zovala za manja aatali, osati mafuta, nzeru imene azamba a m'chikuta akanagwirizana nayo.

Kwa apongozi, ambuye ndi anansi a ku Mkaika, ku Nyanje ndi kwa Pembamoyo: mukaona malaya a mwana wachialubino ali ndi banga lofiirira pachingwe, musawanene amake. Afunseni ngati botolo lili ndi mafuta okwanira mwezi uno, ndipo ngati latha, aperekezeni kuchipatala akafunse ena.