Mayeso amene amadumphitsa munthu kalasi ku yunivesite

Funso lakuti yunivesite imapereka digiri chifukwa cha zimene munthu akudziwa kapena chifukwa cha nthawi imene wakhala pa mpando silidayambe dzulo. Mu 1858 Yunivesite ya London idatsegula mayeso ake a digiri, kupatula a zaudokotala, kwa anthu amene sadapondeko m'makoleji ake (amuna okhaokha poyamba, pakuti akazi adadzaloledwa mu 1878). Munthu ankawerengera kwawo, nthawi ikakwana nkukalemba. Njira yomweyi ndi imene Nelson Mandela adawerengera zamalamulo ali m'ndende patapita zaka zoposa 100. Koma dziko limene lidasandutsa ganizoli kukhala dongosolo la phunziro ndi phunziro ndi America, ndipo chidayambitsa ndi nkhondo.

Ku America digiri yoyamba imafuna makirediti pafupifupi 120, ndipo phunziro limodzi la semesita nthawi zambiri limapereka atatu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, makoleji ena adagawira asilikali makirediti chifukwa chongoti adavala yunifolomu, ndipo ambiri adalowa m'makalasi amene sadawakonzekere. Akuluakulu a bungwe la American Council on Education sadafune kuti zimenezi zibwerezedwe. Mu 1942 asilikali adatsegula sukulu yawo yophunzitsa kudzera m'makalata, United States Armed Forces Institute, ku Madison m'chigawo cha Wisconsin, ndipo padapangidwa mayeso oyesera zimene msilikali waphunziradi. Lamulo la G.I. Bill la 1944 litatumiza chinamtindi cha asilikali kumakoleji, mayesowa adathandiza kuika aliyense pamalo pake. Ntchitoyi idapitirira pansi pa nthambi ya asilikali yotchedwa DANTES kuyambira mu 1974.

Mtsinje wachiwiri udachokera kwa ana a mpanda, osati kwa asilikali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, sukulu za sekondale za Andover, Exeter ndi Lawrenceville pamodzi ndi Harvard, Princeton ndi Yale zidaona kuti ana anzeru akungobwereza m'chaka choyamba cha koleji zimene adamaliza kale. Ndi thandizo la ndalama la Ford Foundation padabadwa pulogalamu ya Advanced Placement (AP), imene bungwe la College Board lidatenga mu 1955. Bungwe lomwelo lidayambitsa mayeso a CLEP mu 1967, ndipo apa ndi pamene chitseko chidatsegukira munthu wamba: mayi amene adasiya sukulu nkulera ana, kalaliki wodziwerengera usiku, wobwera kuchokera kunja amene Chisipanishi ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho. Mayeso ambiri a CLEP amatenga mphindi 90, malikisi ake amayambira pa 20 kulekeza pa 80, ndipo American Council on Education imalangiza makoleji kuti wopeza 50 apatsidwe makirediti. Makoleji pafupifupi 2,900 amawalandira, ngakhale kuti koleji iliyonse imadziikira malire ake.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si yachibwana. Amati mphindi 90 zosankha yankho lolondola sizingafanane ndi miyezi inayi yolemba, kutsutsana ndi anzako ndi kukonzedwa ndi mphunzitsi. Mu 2013 koleji ya Dartmouth idalengeza kuti isiya kuwerengera makirediti a AP pa digiri yake, ndipo aphunzitsi ake a saikoloje adati atayesanso ana amene adapeza 5, malikisi apamwamba kwambiri pa AP, ochuluka adalephera. Pa maphunziro a mu labotale kapena olemba zofufuza, mawu awo ndi oona: palibe pepala limene lingayese ngati manja a munthu akudziwa kugwira zida. Koma mfundoyi imafooka ikafika pa maphunziro a chaka choyamba m'mayunivesite akuluakulu, kumene ophunzira mazanamazana amadzaza holo imodzi, mphunzitsi osadziwa dzina la ngakhale mmodzi, ndipo pamapeto pake amawayesa ndi mafunso osankha yankho omwewo. Ngati mayeso otere ndi okwanira kuweruza amene adalipira fizi, nchifukwa chiyani akhale osakwanira kuweruza amene adadziphunzitsa yekha? Tisaiwalenso kuti woweruza mlanduwu ali ndi mbali: kirediti iliyonse imene koleji yavomereza kuchokera kunja ndi ndalama imene siilowa m'thumba mwake. Dartmouth ikhoza kusankha mmene ikufunira, popeza ofunsira malo kumeneko ndi ochuluka kuposa malo. Munthu wa zaka 35 wogwira ntchito masana alibe ufulu wotayira chaka chathunthu pa zimene akuzidziwa kale.

Nchifukwa chake maboma a zigawo zina adalowererapo. Mu 2015 chigawo cha Texas chidakhazikitsa lamulo loletsa mayunivesite aboma kufuna malikisi oposa 3 pa AP, pokhapokha atapereka umboni woti wophunzira sangapitirire bwino popanda malikisi apamwamba. Lamuloli lidaika udindo pamalo oyenera. Koleji imene ikukana zotsatira za mayeso ndiyo iyenera kusonyeza chimene kalasi yake imaphunzitsa chomwe mayesowo sadayese.