Tsiku Limene Kongresi Inagawika Pawiri

Tsiku la 24 October tonse tilidziwa, pakuti ndilo tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu m'caka ca 1964. Koma ndi owerengeka amene akumbukira kuti pa tsiku lomwelo m'caka ca 1958, muno mu Lusaka, atsogoleri a anthu akuda anakangana napatukana. Mkangano umenewo ndiwo nkhani yathu lero.

Masiku amenewo dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo cipani cacikuru ca anthu akuda cinali African National Congress. A Harry Nkumbula anakhala mtsogoleri wace mu 1951, ndipo a Kenneth Kaunda anakhala mlembi wamkuru mu 1953. Awiriwa anali pa ubwenzi weniweni, kotero kuti mu 1955 anakhala m'ndende pamodzi miyezi 2 cifukwa copezeka ndi mabuku oletsedwa ndi Boma. Koma Kongresi inalephera kuletsa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cimene cinayamba mu 1953, ndipo acinyamata ambiri anayamba kudandaula kuti a Nkumbula afooka, ndi kuti alikucotsa pa maudindo anthu otsutsana nao.

Cimene cinautsa moto ndi malamulo atsopano a cisankho amene Bwanamkubwa Sir Arthur Benson anabwera nao mu 1958. Mwa mipando 22 yosankhidwa ya m'Nyumba ya Malamulo, anthu akuda anayembekezeka kulandira 8 yokha, cinkana anali ocuruka koposa Azungu. Ndiponso munthu sanali kuloledwa kuponya voti ngati analibe cuma kapena maphunziro okwanira. Tsono taganizani za bambo wa ku Marapodi woumba njerwa, kapena wogwira nchito m'khicini mwa Mzungu. Msonkho anali kupereka, koma pa tsiku la cisankho anayenera kungoonerera.

Apa maganizo anasiyana. A Nkumbula anaona kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: kuli bwino kulowa m'Nyumbamo ndi kumenyera nkhondo m'kati. A Kaunda, a Simon Kapwepwe ndi a Munukayumbwa Sipalo anaona kuti kulowamo ndiko kubvomera Citaganya, makamaka popeza Sir Roy Welensky anali kufuna kuti Citaganyaco cidzilamulire cokha pansi pa Azungu. Iwo anafuna kuti munthu ali yense wamkuru akhale ndi voti limodzi, wolemera ndi wosauka yemwe.

Pa 24 October, pa msonkhano wa akuruakuru a Kongresi, a Kaunda ndi anzao anaturuka. Mu November anasonkhana ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, nakhazika cipani ca Zambia African National Congress. A Kaunda anakhala mtsogoleri, a Sipalo mlembi, a Kapwepwe msungi wa cuma. Dzina lakuti Zambia, locokera ku mtsinje wa Zambezi, linamveka m'makomboni zaka 6 lisanalembedwe pa mapu. Kupatukana kotere sikunayambire kuno ai. Ku Jamaica a Alexander Bustamante anasiya cipani ca a Norman Manley nayamba cao mu 1943, ndipo ku Gold Coast a Kwame Nkrumah anacita comweco mu 1949.

Cipani catsopanoco cinakhala miyezi yosakwana 5. Cinauza anthu kuti asalembetse maina ao pa cisankho, ndipo mu March 1959, kutatsala masiku owerengeka, Bwanamkubwa anaciletsa. Polankhula pa wailesi anacifanizira ndi gulu la zigawenga zakupha anthu la ku America. A Kaunda anawatumiza ku Kabompo, ndipo pambuyo pace anawaika m'ndende mu Lusaka ndi ku Salisbury. A Nkumbula analowa m'Nyumba ya Malamulo monga anafunira.

Koma mbeu inali itagwa kale m'nthaka. Otsala anamanga United National Independence Party mu October 1959, ndipo a Mainza Chona anasunga mpando kufikira a Kaunda anaturuka m'ndende mu January 1960.

Tsono mverani mathero ace. Pa cisankho ca 1962 United Federal Party, cipani cocirikiza Citaganya, inapata mipando 16, UNIP 14, Kongresi 7. Ali yense wofuna kupanga Boma anayenera kupempha a Nkumbula. Munthu wosunga mangawa akadabwezera tsiku limenelo. Koma iwo anasankha anyamata omwe aja amene anawasiya, ndipo mu December 1962 dziko lino linaona Boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda.

Ndani anakhoza pa mkangano wa 1958? Akadapanda kuturuka a Kaunda, kapena ufulu ukadacedwa; akadapanda kukhululuka a Nkumbula, kapena ukadabwera ndi mwazi wambiri. Lero mabwalo a ndege a ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Livingstone ali ndi maina a Kaunda, Kapwepwe ndi Nkumbula. Pokambirana za zipani m'nyumba zanu, kumbukirani kuti amene mwasiyana naye maganizo lero mungadzamfune mawa. Gonani bwino nonse.