Mwala wa agogo wochokera ku Broken Hill

Agogo aamuna anali ndi mwala wotuwa wonyezimira, waukulu ngati chibakera cha mwana koma wolemera modabwitsa. Ankautchingira chitseko kuti mphepo ya mwera isamachimenyetse. Ife tili ana kuno kwa Wimbe tinkaunyambita kuti uwale bwino. Tikafunsa kumene unachokera ankangoti, "Ku Bulokeni, mwana wanga."

Anapita wapansi, kudzera ku Fort Jameson, monga anachitira anyamata ambiri a ku Kasungu msonkho utawathina, fodya asanayambe kubweretsa ndalama m'makomo muno. Ena anasanduka matchona. Agogo anabwera ndi njinga, jekete ndi mwalawo.

Ndazindikira ndili wamkulu kuti unali mwala wa mtovu. Azungu anapeza miyalayi mu 1902 pamalo amene anawatcha Broken Hill, lero Kabwe. Njanji inafika mu 1906, ndipo mu 1921 okumba anafukula chigaza cha munthu wamakedzana chimene mpaka pano chili ku London. Za chigazacho mabuku alemba zambiri. Za utsi wa ng'anjo umene unkagwera m'makomboni a antchito, analemba mochedwa.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu suwola ngati mapesi. Uli m'fumbi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Uli pa chimulu cha zotsalira za ng'anjo chimene amachitcha Black Mountain, pomwe anthu amafukulabe kuti apeze ya ufa. Uli m'matope a ngalande yochokera kumgodi, ndipo dzinja likafika madzi amasefukira nawo m'mabwalo a nyumba. Mwana wokwawa amaika dzanja m'kamwa. Mtovu umalowa m'magazi, kuchepetsa magaziwo ndi kuwononga ubongo umene ukukula. Mwanayo sakhala ndi chilonda choti mayi aone. Amangoyamba kutsalira m'kalasi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matopewo, chifukwa ine ndine wa kudimba. Ndikudziwa kuti dambo limasunga chilichonse chimene mtunda walitumizira: dothi lokokoloka m'mizere ya fodya, fetereza, zonse zimakakhazikika pansi pomwe madzi afatsa.  Ndipo ndikaganiza za azimayi athu oyembekezera amene amalakalaka dothi n'kumaswa kachidutswa ka chulu, ndimafunsa mumtima kuti nanga mnzawo wa ku Makululu akalakalaka amatola la pati.

Mu Okutobala 2020 maloya anakasuma ku khothi la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000 a ku Kabwe. Ankaloza kampani ya Anglo American South Africa, kuti inali ndi dzanja pamgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo inakana, inati sinali mwini mgodi. Mu Disembala 2023 khothi linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo.

Agogo anatisiya kalekale osamva zonsezi. Mwala uja ulipo. Chaka chatha ndinapeza mdzukulu wanga akuugudubuza pakhonde, malovu ali chuchuchu. Ndinamulanda, ndinamusambitsa m'manja ndi sopo kawiri, mwalawo n'kuukulunga m'pepala la pulasitiki ndi kuutsekera m'sutikesi ya malemu, pamodzi ndi jekete ija.